Tsiku Limene Phiri Linasowa

Juni wafika ndi mano ake.
Loko wa pachitseko wazizira ngati ndagwira chule,
simenti ikuluma kudutsa mkeka.
Kuno ku Chinamwali
ngakhale akabaza lero akupalasa dzanja limodzi lili m'thumba.

Akubwera mmodzimmodzi, mapewa ali m'makutu.
Ajibu wavala jekete ya bambo ake,
mikono ikusesa khonde, zala sizikuoneka.
Mwandida amukulunga m'chitenje, mfundo kumbuyo,
ngati katundu wopita kumsika wa Songani.
Miyendo yonse ili mbuu,
kupatula ya Nditani, amene amudzoza mafuta
mpaka kunyezimira ngati mandasi.

Ndikuitana mayina. Akuyankha ndi mphuno.

Ndinakonza zoti tiumbe zilembo ndi dongo,
koma dongo lauma mtima,
tizala tachita dzanzi, sitikupinda.
Basi, imirirani! Tidumphe kakhumi.
Tawerenga: modzi, wiri, tatu,
Nditani walumpha sikisi ngati ngalande,
wafika pa teni yekha, akudikira anzake.

"Anti, taonani, ndikusuta!"
Ajibu watulutsa nthunzi m'kamwa,
kalasi yonse yasanduka ya achikulire osuta fodya.
Ndawatengera pagalasi la zenera, limodzi lomwe latsala losasweka:
uzirani apa. Haaa.
Lembani ndi chala musanachedwe.
O wa Mwandida wakhala pang'ono, walira misozi iwiri,
wapita.

Ndiye kuli Sigele.
Miyezi isanu chibwerereni, sindinamve mawu ake.
Kwawo amalankhula Chiyao, akuti amalongolola ngati wailesi,
koma akaponda pakhomo pano
pakamwa amasiya panja pamodzi ndi masilipasi.
Lero waima pazenera, sakuuzira, sakulemba.
Wandikoka siketi.
"Anti. Phiri kulibe."

Ndayang'ana. Zoonadi.
Pamene limakhala tsiku lililonse
ndi paini wake, ndi miyala yake,
pangotsala choyera ngati pepala losalembapo.
Chiperoni chameza zonse mpaka mitengo ya kuseri kwa tchalitchi.

Ajibu akuti alitenga a polisi.
Nditani akuti lapita ku Blantyre pa minibasi.
Ine mawu oti nkhungu ali kunsonga kwa lilime,
ndinaphunzira kumaphunziro a milungu iwiri
kuti mwana umuuze dzina la chinthu.
Koma mwana walankhula.
Ndameza nkhungu yangayo.
Ndafunsa: linali lotani, Sigele?

Watola khala pambaula ya alonda.
Wagwada pasimenti yozizira ija.
Mzere wokwera. Mzere wotsika.
Wakhala kaye, lilime panja,
kenako wadula pakati ndi mzere wina,
mtambo umene umalimanga m'chiuno m'mawa.

Ana inu, bwerani mudzaone.
Sabata zitatu ndakhala ndikuloza pabolodi,
choko kutha, mawu kusasa,
A, A, nenani A,
osadziwa kuti wakhala panja nthawi yonseyi,
wamkulu kuposa tauni.

Aliyense akufuna khala tsopano.
Pansi padzaza mapiri: opendama, ogona chagada,
lina la miyendo itatu.
Ajibu wapinda mikono ya jekete, zala zapezeka,
zonse khumi, taziwerenga kawiri kuti titsimikize.
Phala lafika, agwira makapu ndi manja awiri,
kuyamba kumwa kutentha kwake m'zikhatho,
makapu onse akuda ndi zidindo za zala.

Cha m'ma leveni dzuwa lasuzumira.
Tatuluka kukaothera, misana kukhoma, ngati abuluzi.
Nkhungu ikuvula pang'onopang'ono,
phewa kaye, kenako mutu.
Sigele sanadabwe.
Wayang'ana phiri, wayang'ana chala chake chakuda,
wagwedeza mutu ngati munthu amene katundu wake wabwezedwa.

Sanalankhulenso mpaka poweruka.

Pafomu ya ku ofesi pali kabokosi kakang'ono:
lero ana aphunzira chiyani?
Ndagwira cholembera nthawi yaitali.
Ndalemba A.
Pansi sindinakolope.